Michiru ndimakwera osapumira, nanga cholesterol 6.8 yachokera kuti?

Nachisale: Amayi anzanga, mwaswera? Ine mtima suli m'malo. Sabata yatha kuntchito kunabwera oyeza za umoyo, BP, shuga ndi mafuta a m'magazi. Ndinapita ndikuseka, ndimvekere awa angonditayitsa nthawi. BP 118/76, shuga ali bwinobwino. Pepala la magazi lafika lero, cholesterol 6.8, ayikapo ndi kanyenyezi pambali. Ineyo? Chaka chachinayi chino ndisakujomba ma aerobics. Loweruka lapitali ku Michiru ndi ndani anafika pamwamba woyamba? Mnzanga wa mu ofesi amene ngakhale masitepe awiri amawadandaula, yake ili 4.3. Ndiye thukuta lonseli ndimakhetsera chiyani?

Mayi a Tadala: Kkkkk pepani asisi, sindikuseka inu, ndikuseka za mnzanuyo. Koma makina awo ali bwino? Inu mumagwira plank mphindi zitatu ife titagwa kalekale.

Nambewe: Makina amenewo ndi abodza basi. Munthu wowuma ngati inu mafuta angakhale pati?

Anti a ku Chilomoni: Mwanawe usadandaule. Adyo, jinja ndi mandimu m'madzi ofunda m'mawa uliwonse usanadye kanthu. Komanso ndili ndi tiyi uja wotsuka m'thupi, wangofika kumene. Masabata awiri mafuta onse asungunuka. Ndiyimbire.

Adimini: Anti, za malonda tinagwirizana kuti ndi Lachisanu lokha. Lero ndi Lachiwiri.

Nangozo wa ku Leeds: Ndangoweruka, ndili m'basi. Achemwali a Nachisale, musathamangire kunyoza makina. Jambulani pepala lonse, mubise dzina. 6.8 ndi chiwerengero chophatikiza, pansi pake payenera kukhala manambala ena atatu.

Nachisale: LDL 4.6, HDL 1.6, triglycerides 1.2. Kwa ine zonsezi ndi Chigiriki.

Nangozo wa ku Leeds: Chabwino. Pepalali likukuyamikirani pawiri, n'kukudzudzulani pamodzi. HDL ndi amene amatola cholesterol m'mitsempha kubwerera nayo kuchiwindi, ndipo kwa mzimayi timafuna apitirire 1.2. Inu muli pa 1.6. Ma triglycerides ndi mafuta enieni oyenda m'magazi, timafuna akhale pansi pa 1.7, inu 1.2. Pawiri pamenepa ndi pamene thukuta lanu likuonekera. Vuto ndi LDL. Ameneyu ndi amene amalowerera m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, mpaka njira ya magazi kuchepa. Kuno timafuna akhale pansi pa 3, ndipo chophatikiza chija pansi pa 5. Ndiye 4.6 wakwera ndithu. Si zoti mugwa mawa, koma si zongoseka.

Nambewe: Nanga masewerawa sawotcha mafuta? Kochi tsiku lililonse amakuwa kuti tiwotche mafuta, tiwotche mafuta. Kochi bwerani kuno muyankhe mlandu.

Kochi: Ndabwera amayi, ndimamvetsera kaye. Mlandu ndauvomera theka. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga ndi mafuta aja akuti triglycerides. Zimenezo ndiye nkhuni zake. Cholesterol si nkhuni. Ngakhale mutathamanga kuchoka ku Limbe mpaka ku Lunzu, minofu siiwotcha ngati momwe imawotchera mafuta a pamimba. Ndi chomangira thupi, ili m'khungu la selo iliyonse, thupi limapangira mahomoni, vitamini D ndi ndulu. Ndikamati tiwotche mafuta ndimanena a pamimba ndi m'ntchafu.

Nangozo wa ku Leeds: Akochi anena zoona. Ndiwonjezere kuti gawo lalikulu la cholesterol thupi limapanga lokha, makamaka chiwindi, yochokera m'mbale ndi yochepa. Ndipo chiwindi chomwecho ndi chimene chimachotsa LDL m'magazi. Ndiye funso si lakuti mumathamanga bwanji, koma chiwindi chanu chikuchotsa mwachangu bwanji. Masewera amatsitsa triglycerides bwino, amakweza HDL pang'ono, koma LDL amangomusuntha pang'ono chabe, pokhapokha munthu atatsikanso thupi kapena kusintha kadyedwe.

Mayi a Tadala: Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndimasirira akatumba a asisi, osadziwa.

Nachisale: Mayi a Tadala ndikupezani Lachinayi pa ma squat, muona.

Gogo Nasibeko: Ana inu mumandiseketsa. Ife tinkasinja chimanga pamtondo kuyambira mbandakucha, kukatunga madzi kudambo ndowa pamutu mwana kumsana, kubwera apo kumunda. Za kolesitolo sitinazimvepo. Izi ndi nthenda za m'tauni, za anthu olipira ndalama kuti akadumphedumphe.

Kochi: Agogo, kusinja kuja ndiye chinthu chenichenicho chimene ndimafuna kuti amayiwa akhale nacho. Pali zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza. Kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 kamodzi n'kuliika pangolo, imeneyo ndi mphamvu. Kukweza musi ndi kutsitsa, kukweza ndi kutsitsa, theka la ola mikono osalefuka, kumeneko ndi kupirira kwa minofu. Kukwera phiri osabanika, pamenepo ndi mtima ndi mapapo. A Nachisale ziwiri zomalizazi ali nazo zochuluka. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 agogo, inu munkachita jimu yaulere tsiku ndi tsiku. Ndipo pa kupirira amayi simuchepa. Mukampatsa mwamuna ndi mkazi katundu wolingana ndi mphamvu za aliyense, kawirikawiri woyamba kulefuka ndi mwamuna. Ndimaziona amuna akabwera kudzayesa kalasi yathu, amayamba ndi matama, mphindi 20 ali pakhoma akufuna madzi.

Mayi a Tadala: Bambo a Tadala anabwera kamodzi, mpaka lero akuti bondo.

Nangozo wa ku Leeds: Agogo, ndikupatsani ulemu wanu, pa kadyedwe mukunena zoona. Mgaiwa, nyemba, chisoso chotendera, nyama pa Khirisimasi pokha, mbale imeneyo inali yabwino ku mtima. Koma kusamva za nthenda sikutanthauza kuti kunalibe. Ndani ankayeza? Munthu ankangogwa, anthu n'kumati wamenyedwa hamala. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, akumudzi omwe, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Cholesterol nayonso ndi yachete chimodzimodzi. Simva kuwawa, sikutopetsa, sikuchepetsa liwiro paphiri.

Gogo Nasibeko: Za hamalazo usaziyambe mwana wanga, tingachezere pano.

Nangozo wa ku Leeds: Achemwali a Nachisale, ndili ndi mafunso atatu, ngati ena ndi olemera mundiyankhe kumbali. Muli ndi zaka zingati ndipo kumwezi kukuyenda bwanji? Mukudya chiyani masiku ano? Kwanu alipo anadwalapo mtima kapena sitiroko asanakalambe?

Nachisale: Pano tonse ndi amayi, Kochi atseke m'makutu. Zaka 47. Kumwezi kwayamba kudumphadumpha chaka chino, miyezi iwiri zii, kenako kubwera. Usiku kutentha ngati ndagona pa mbaula.

Kochi: Ine ndatuluka kaye, ndikagule mayunitsi.

Nangozo wa ku Leeds: Chimodzi ndi chimenecho. Homoni ya estrogen imathandiza chiwindi kuchotsa LDL. Mzimayi akamayandikira kusiya kusamba homoniyi imatsika, LDL n'kukwera, ngakhale asanasinthe kalikonse m'mbale kapena kujimu. Amayi ambiri amene pepala lawo linali loyera ali ndi zaka 38 amadabwa akafika 50. Nanga chakudya?

Nachisale: Apa ndiye mundiseka. Kuyambira Okutobala chaka chatha ndinasiya nsima, mpunga, buledi, mbatata, zonse. Ndinaona pa TikTok zakuti keto, kadyedwe kosiya za sitalichi n'kumadya zamafuta. M'mawa khofi wothira supuni ya mafuta a kokonati ndi kachidutswa ka batala. Mazira atatu okazinga mu batala. Masana nkhumba kapena nkhuku ndi khungu lake, madzulo soseji ndi kabichi. Nyemba ndinasiya chifukwa ankati zili ndi sitalichi. Ndinatsika makilogalamu 6, diresi la ukwati wa mng'ono wanga linakwananso.

Nambewe: Batala mu khofi?? Asisi inu, ndalama zake ndiye mumazitenga kuti, batala mmene wadulira?

Mayi a Tadala: Ndiye paja pa chinkhoswe cha kwa Nambewe munkangotola nyama m'mbale nsima n'kuisiya! Ine ndinkati mwina mukusala.

Nangozo wa ku Leeds: Eeh achemwali. Chachiwiri chapezeka, ndipo ndi chachikulu. Mafuta amene amagwirana akazizira, batala, mafuta a nkhumba ndi ng'ombe, a kokonati, a kanjedza, ndi amene amachititsa chiwindi ulesi pochotsa LDL. A kokonati oposa magawo 80 pa 100 alionse ndi a mtundu umenewu, kuposa batala amene. Mulibe cholesterol m'kati mwake, poti zomera sizikhala nayo, n'chifukwa chake pabotolo amalemba monyadira kuti mulibe. Koma amakweza yanu. Kenako munachotsa nyemba, zomwe zinkakuthandizani. Ndulu imapangidwa ndi cholesterol, imathiridwa m'matumbo, ndipo yambiri thupi limaitenganso. Nyemba, nandolo, khobwe, oats, therere lija lotelera, zimakola ina mwa ndulu imeneyi n'kutuluka nayo kuchimbudzi, chiwindi n'kukakamizika kutapa cholesterol m'magazi kuti chipange ina. Inu munatseka khomo lotulukira n'kutsegula lolowera.

Anti a ku Chilomoni: Ndiye paja ndikunena za kutsuka m'thupi.

Nangozo wa ku Leeds: Anti, matiyi ambiri otere amangotsegula m'mimba. Sikelo imatsika chifukwa madzi atuluka, LDL ali pomwepo. Adyo ndi jinja thirani mu ndiwo, n'zokoma, koma 4.6 sangatsike ndi mandimu.

Anti a ku Chilomoni: Ana a sukulu inu.

Naphiri wa ku Joni: Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ine funso langa ndi mazira. Ndimadya awiri tsiku lililonse ndikachoka kothamanga. Ndisiye?

Nangozo wa ku Leeds: Dzira lalikulu lili ndi mamiligalamu pafupifupi 186 a cholesterol, yonse mu yolk. Koma kwa anthu ambiri dzira silikweza kwambiri ngati mafuta amene mwakazingira. Lowiritsa ndi lokazinga mu batala ndi nkhani ziwiri. Munayezetsapo?

Naphiri wa ku Joni: Chaka chatha, 4.7. Kuno ma pharmacy ambiri amayeza pobaya chala, ndinachita nditapita kukagula zina. Koma nkhani ya a Nachisale kuno si yachilendo. Kalabu yathu ili ndi anthu amene amathamanga Comrades, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ena kakhumi konse, koma m'mawa amameza piritsi la cholesterol. Maka Maburu, kwa iwo ili m'magazi a mtundu, mabanja ambiri ali nayo yobadwa nayo. Mayi wina amene ndimathamanga naye parkrun, kuthamanga kwa gulu kwa Loweruka, wowonda ngati bango, anayamba mankhwala ali ndi zaka za m'ma 20.

Nangozo wa ku Leeds: Imeneyo ndi familial hypercholesterolaemia. Padziko lonse ndi munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250, mtundu uliwonse, ife tomwe. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense mwayi woitenga ndi theka. N'chifukwa chake ndinafunsa funso lachitatu, lomwe achemwali sanayankhe.

Nachisale: Ndimaliganizira. Bambo anga anamwalira ndili Fomu 2. Anali ndi zaka 51. Munthu wamphamvu zedi, ankapalasa njinga kuchoka kumudzi mpaka ku boma atamanga matumba awiri a mtedza pakaliyala, kubwerako tsiku lomwelo. Tsiku limenelo anachokera kudimba, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anapempha madzi akumwa. Mayi potuluka ndi chikho anawapeza atakhala pansi atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Sanafike n'kuchipatala komwe. Pamaliro anthu analoza azakhali awo chifukwa ankakanganirana munda. Azakhaliwo anasamuka m'mudzi, anakafera kwina, ife ana tinaletsedwa ngakhale kuwapatsa moni. Zaka zonsezi sindinaganizepo za mtima. Ndakhala pano m'khitchini mpunga wa ana wapserera.

Mayi a Tadala: Pepani asisi. Ndafufuta kuseka kwanga kuja.

Gogo Nasibeko: Pepa mwana wanga. Zoterezi tinaziona zambiri, ndipo tinalozadi anthu zala.

Nangozo wa ku Leeds: Pepani achemwali. Sindinganene chimene chinatenga bambo, palibe anayeza. Koma dokotala mukamuuze ndendende mmene mwatiuziramu, ndi zaka zawo. Bambo kapena mchimwene akadwala mtima asanafike 55, mayi kapena mchemwali asanafike 65, dokotala amaliwerenga mosiyana pepala lomwelo. Manambala anu sanafike pamene timayamba kukayikira kwambiri za yobadwa nayo ija, kuno timatero chophatikiza chikapitirira 7.5, komanso keto payokha ikhoza kufotokoza zambiri. Koma azichimwene anu akayezetse. Za njinga ya bambo zandikumbutsa Jim Fixx wa ku America, amene anatchukitsa kuthamanga m'ma 1970. Anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 52, akuthamanga pamsewu, mitsempha ya mtima itatsekeka. Bambo ake anali atamwaliranso ndi mtima ali ndi zaka 43.

Nambewe: Ndiye ngati wothamanga amagwa, ife tikuvutikiranji 5 koloko m'mawa kuzizira konseku? Ine ndibwerere ku mabulangete anga.

Kochi: Ndabwerako pa nthawi yake. Mayi Nambewe musayerekeze. BP 118/76 ija mwaiona? Shuga wabwino uja? Zija sizinagwe kumwamba. Anthu awiri a LDL yofanana, wina wolimbitsa thupi wina wongokhala, amene ali pangozi yaikulu ndi wongokhalayo. WHO imati pa sabata mphindi 150 mpaka 300 za masewera apakatikati, kapena 75 mpaka 150 za owawa, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Gulu lathu Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka timakwanitsa. Komanso pa msinkhu wosiya kusamba mafupa ndi minofu zimayamba kuchepa, ma squat aja ndi amene adzakudzutseni pamkeka muli ndi zaka 75 popanda kuitana mdzukulu. Mnzawo wa 4.3 uja tisamusirire, sitinaone BP yake.

Nabanda wamng'ono: Ndilankhuleko ngakhale ndine mwana pagulu pano. Ine zinandichitikira mosiyana. Chaka chomwe ndinkakonzekera Porters Race ku Mulanje ndinkathamanga masiku 6 pa sabata, kudya kamodzi patsiku kuti ndipepuke. Kumwezi kunasiya miyezi 7, ine n'kumasangalala kuti zandichepera ntchito. Miyendo inayamba kulemera, malo amene ndinkadutsa ndikuimba ndinkaima kawiri. Kuchipatala anapeza magazi ochepa, Hb 10, ndipo cholesterol yokwera, ndili ndi zaka 26, nthiti zikuwerengeka. Dokotala sanandipatse piritsi la cholesterol, anati ndizidya, anandipatsa a ayironi. Zinabwerera m'malo.

Nangozo wa ku Leeds: Wachita bwino kunena, mng'ono wanga. Ndi estrogen yomweyo. Thupi likamalandira chakudya chochepa kuposa ntchito yake limazimitsa kumwezi, homoni imatsika, LDL imakwera, mafupa amafooka. Ndipo wakhudza china chofunika. Mzimayi akayamba kulefuka msanga pa masewera, asathamangire kunena cholesterol, imeneyo sitopetsa. Ayezetse kuchuluka kwa magazi, pansi pa 12 ndi ochepa kwa mzimayi wosayembekezera. Ayezetsenso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mwaulesi chimabweretsa zonse ziwiri, kutopa ndi cholesterol yokwera. Achemwali a Nachisale inunso mukapemphe TSH, kuyeza magazi koona chithokomirocho. Amene muli oyembekezera kapena mwangochira kumene musadzidzimuke ndi manambala, nthawi imeneyo imakwera mwachibadwa.

Nachisale: Mantha anga ndi mapiritsi aja. Apongozi anga amamwa atorvastatin wotsitsa cholesterol, amadandaula miyendo usiku wonse. Ine akandiyambitsa ndiye Michiru ndatsanzika.

Nangozo wa ku Leeds: Choyamba, mwina sakuyambitsani. Dokotala amaphatikiza zaka, BP, shuga, fodya, impso ndi mbiri ya kwanu, sayang'ana nambala imodzi. Kwa munthu ngati inu kawirikawiri amati sinthani mbale, tiyezenso pakatha miyezi itatu. Chachiwiri, ululu wa minofu ulipodi kwa ena, sindikana. Koma mu 2022 ofufuza anaphatikiza kafukufuku wa anthu oposa 100,000, ena akumwa statin, gulu la mankhwala ngati a apongozi anuwo, ena piritsi lopanda mankhwala osadziwa, ndipo anapeza kuti mwa madandaulo 10 a ululu, oposa 9 sanachokere ku mankhwalawo. Pa msinkhu wathu miyendo imawawa kale. Zikavuta amachepetsa mlingo kapena kusintha mtundu, osangosiya mwakachetechete. Chimene simuyenera kuchedwa nacho ndi ululu waukulu, kufooka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo zimenezi zimathanso kuchitika popanda piritsi, munthu akadzipanikiza mopyola muyeso kujimu. Amene mukufuna mimba muuzeni dokotala asanakulembereni.

Kochi: Za mkodzozo mwamva inu amene mumasowa miyezi itatu n'kubwera kufuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi.

Nambewe: Kochi mukunena ine, tchulani dzina.

Nachisale: Ndiye ndibwerere ku nsima? Makilogalamu 6 anga aja?

Nangozo wa ku Leeds: Mitanda iwiri ya mgaiwa sinaphe munthu. Nyemba kapena nandolo zibwerere, masamba otendera nsinjiro, usipa, utaka, peyala, mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi osati mbale. Nkhuku muzichotsa khungu. Pophika mafuta a mpendadzuwa kapena soya, pang'ono. Botolo la kokonati lija muzidzola kumutu. Ndipo nonsenu, pachiwaya paja timaima tikatsika phiri, mafuta aja amawira kuyambira m'mawa mpaka kuda ngati oyilo wa galimoto, ine ndikabwera Disembala sindidzaimanso.

Mayi a Tadala: Apo pokha ndiye mwalakwa. Chipisi cha pambuyo pa Michiru ndi chimene ine ndimakwerera Michiru.

Gogo Nasibeko: Mwazungulira dziko lonse mpaka ku America, mwafika pa mgaiwa ndi nyemba zanga zomwe zija.

Naphiri wa ku Joni: Kkkk agogo apambana. Koma funso, poyezetsa munthu asadye?

Nangozo wa ku Leeds: Masiku ano nthawi zambiri sikofunika, chakudya chimasuntha kwambiri ma triglycerides okha. Koma funsani kumene mukupitako, ena amafunabe kuti mugone ndi njala. Ndatsika basi, ndikagone, mawa ndili ya usiku.

Adimini: Ndiye tipange chonchi. Amene akufuna kukayezetsa limodzi alembe dzina pansipa, ndikafunse mtengo wa gulu ku ma lab awiri atatu, ndibweretsa Lachinayi. Si zipatala zonse zazing'ono zimene zimayeza zimenezi, musangodzukira. Loweruka ndi Soche, osati Michiru, tikumana 5:30. Amene simunapereke ya mwezi uno mukudzidziwa.

Nambewe: Nambewe.

Mayi a Tadala: Mayi a Tadala, ndi bambo a Tadala ndiwakoka, bondo lawolo.

Anti a ku Chilomoni: Lembani inenso. Koma Lachisanu ndiika tiyi wanga.

Nachisale: Ndaimbira achimwene aakulu ku Kasungu. Akuti iwo ali bwinobwino, amalima maekala atatu okha popanda waganyu, magazi awo asawavutitse. Ali ndi zaka 50. Ndawauza kuti ndatumiza kale ya thiransipoti pa Airtel Money, ndipo alamu ndawauza kuti asawapatse mtendere. Nyemba ndaviika. Mayi a Tadala, Loweruka mundisungireko chipisi zisanu zokha.